Tsiku Limene Ndinavula Apongozi Anga

Tadala ndi Mphatso, ana anga, za ubwana wanga sindilemba pano chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo. Mutu uno ndi wa ntchito yanga ya mu labu, komanso wa funso lija munkandifunsa muli ana, lakuti n'chifukwa chiyani sindinkapita nanu kutchuthi kwa agogo anu kunyanja. Azakhali anu a Felesiya anakupatsani kale yankho lawo, ndipo ndikudziwa kuti analikometsa ndi mchere wokwanira. Langa ndi ili.

Zaka zoyamba, kumpoto kwa Khombedza

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku kachipatala kena kumpoto kwa Khombedza. Chimene ankachitcha labu chinali chipinda chosungiramo matsache ndi zidebe, anangochotsamo matsachewo n'kuikamo ine. Maikulosikopu inali imodzi, yodalira kuwala kwa dzuwa, moti kukachita mitambo ntchito inkaima, odwala n'kumandiyang'ana ngati mitamboyo ndaiitana ndine. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri. Ndinkayeza malungo, makhololo, chimbudzi ndi mkodzo, ndipo mazira a likodzo ndinawaona ambiri moti ndinkawalota.

Kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba vuto la azibambo okalamba. Ankabwera nawo pangolo, munthu atapinda miyendo, thukuta lili kamukamu, m'munsi mwa mchombo mutafufuma ngati mayi woyembekezera. Mkodzo wakana kutuluka. Mwamuna aliyense ali ndi kachiwalo pansi pa chikhodzodzo kamene kamazungulira njira ya mkodzo, ndipo kuchipatala timati pulositeti. Munthu akamakalamba kamakula n'kumafinya njirayo, monga umachitira ukaponda paipi yothirira m'dimba. Nthawi zambiri kukulako ndi ukalamba chabe. Nthawi zina ndi khansa. Kuti adziwe kuti kakula bwanji, ndi kosalala kapena kolimba, dokotala amavala golovesi n'kulowetsa chala kumene kumatulukira chimbudzi. Ndalemba mosabisa choncho dala. Ngati mwachita tsinya powerenga, ndiye kuti nkhani yonseyi mwayamba kale kuimvetsa.

Mkulu wa pachipatalapo anali a Mbewe, bambo wachikulire wokonda kachasu koma wa manja abwino. Iwo ndiwo ankatseka chitseko n'kuwayeza madalawo, n'kuwaika paipi yotulutsira mkodzo. Odwala ankatuluka atapepukidwa, koma maso ali pansi, osatsanzika aliyense, ndipo ambiri sankabweranso. Tsiku lina a Mbewe anandiuza akusamba m'manja kuti, “Mwana wanga, madala awa ululu amapirira. Chimene sapirira ndi chakuti ine ndidzakumana nawo pamsika.” Ndinaseka, chifukwa pa nthawiyo ndinkaona ngati ndi nkhani ya anthu ena.

Bambo anu, a Laimoni, ndinakumana nawo komweko akuphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Atanditengera kwawo, kumudzi wa asodzi mbali ya ku Senga Bay, ndinaonana ndi apongozi anga a Mwale, agogo anu. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, mwini boti ndi makoka, komanso mkulu wa mpingo. Ndinachita zonse zimene mtengwa amachita. Ndinkawapatsa moni nditagwada chapatali, maso kumbali. M'nyumba mwawo ndinkalekezera pabalaza. Ndikakhala ndi mawu ankadzera mwa bambo anu, nawonso awo ankadzera momwemo. Sindinaone vuto ndi mwambo umenewu, ndipo ankandikonda m'njira yawo: ndikamabwerera ku ntchito ndinkapeza chambo chonenepa chitakulungidwa kale, ndi uthenga wakuti ndi cha apongozi.

Chaka chimene makina anabwera

Patapita zaka anandisamutsira ku chipatala china chokulirapo cha kufupi ndi nyanja, chimene sinditchula dzina. Inu munali mutayamba sukulu. Bwana wathu kumeneko anali a Zimba, munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala, wodziwa kulankhula ndi alendo kuposa kulankhula ndi odwala. Iwo ndiwo anakopa bungwe lina lakunja kuti litipatse makina oyezera magazi a azibambo. Tsiku lolandira makinawo kunali magule ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ine amene ndinkayenera kuwagwiritsa ntchito ndinauzidwa kuti ndiime kumbuyo chifukwa ndikutchinga chithunzi.

Makinawo ankayeza chinthu china cha m'magazi chotchedwa PSA, chimene chimachokera ku pulositeti. Chikachuluka m'magazi ndiye kuti pulositetiyo yasautsidwa ndi china chake, koma chimene chaisautsacho makina sanena. Ikhoza kukhala kuti yangokula ndi ukalamba. Akhoza kukhala matenda a m'njira ya mkodzo, kapena munthu wangoikidwa kumene paipi. Ngakhale ulendo wautali wa panjinga ankatiphunzitsa kuti ukhoza kukweza nambala pang'ono. Ikhozanso kukhala khansa. Tsono kuno kwathu ndani amafika kuchipatala osagwedezeka panjinga, ndipo ndi msodzi uti amene njira yake ya mkodzo sinasautsidwepo ndi likodzo? Magazi amangokuuza kuti munthuyu muoneni bwino. Kumuonako ndi chala chomwe chija, ndi mkodzo, ndi magazi ena oyeza impso, kenako kubwereza PSA pakapita milungu.

A Zimba zonsezi ankazidziwa, sanali mbuli. Koma uthenga umene anatumiza m'matchalitchi ndi m'mizikiti unali wakuti, “Dontho la magazi basi, palibe kuvula.” Azibambo amene anathawa chipatala zaka zonsezo anabwera ngati kwagwa usipa. Ndinapita ku ofesi kwawo.

“Bwana, anthuwa tikuwalonjeza zimene makina sangachite. Nambala ikakwera tiwauza chiyani?”

“Amayi,” anatero osasiya kulemba, “eni makinawa akufuna kuona azibambo akubwera. Mukangotchula chala panjapo, mzere wonsewo ubalalika ngati msika wagwa mvula.”

“Nanga akabwera n'kuchoka ndi mantha okhaokha?”

“Inu ntchito yanu ndi kutulutsa nambala. Zolankhula ndi odwala asiyireni madokotala.”

Madokotala ankanenawo anali munthu mmodzi, a Phiri, mnyamata wa mtima wabwino amene ankaonanso ana a malungo ndi azimayi a kusikelo tsiku lomwelo. Munthu wa nambala yokwera ankamuuza mawu ochepa okha: “Madala, nambala yakwera, mupite ku Lilongwe.” Kwa mkulu wa kumudzi, kutumizidwa ku Lilongwe chifukwa cha magazi kunali ndi tanthauzo limodzi. Ndinkawaona akutsika masitepe, chipewa chili m'manja, ataiwala kuchivala.

Okutobala wa chaka chomwecho

M'mawa wina ndikutuluka kukaitana odwala, ndinapeza agogo anu atakhala pabenchi, atavala jekete lawo la kutchalitchi, njinga itatsamira mtengo. Sanauze aliyense kuti akubwera. Ndinamva pambuyo pake kuti vutoli anali nalo kwa nthawi yaitali, ndipo anyamata a m'boti ankalidziwa, chifukwa panyanja palibe kobisala: mkulu ankaima kumapeto kwa boti nthawi yaitali, anyamata n'kumanamizira kukonza ukonde. Atamva kutchalitchi kuti palibe kuvula, anapalasa njinga kuchokera kumudzi.

Ndinagwada pasimenti pomwepo, yunifolomu ndi yonse.

“Mwadzuka bwanji, bambo?”

“Tadzuka, kaya apongozi,” anayankha akuyang'ana njinga yawo.

Magazi anawatenga ndi mnzanga wa mu labu, chifukwa ine sindikanagwira mkono wawo. Ndinapempha a Phiri kuti alembenso mkodzo ndi magazi oyeza impso. PSA inatuluka yokwera, koma osati mochititsa munthu kugwira pakamwa. Mumkodzo munali mafinya ndi mazira a likodzo. Chimene chinandiopsa ine chinali chachitatu: impso zinali zitayamba kutopa. Mkodzo ukamalephera kutuluka umabwerera m'mbuyo n'kumakankha impso, ndipo zikafa sizidzukanso. M'mene ndinkamaliza ntchito ya anthu ena kuti ndikalankhule ndi a Phiri, agogo anu anali atauzidwa kale mawu aja a ku Lilongwe, ndipo njinga panalibe.

Madzulo ndinawakhazika pansi bambo anu. Ndinawafotokozera zonse, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade wani. Ndinati agogo anu abwerenso kuchipatala. Adokotala aamuna awayeze ndi chala. Awaike paipi kuti mkodzo utuluke, impso zipume. Amwe mankhwala a likodzo ndi a mafinyawo, kenako tidzabwereze magazi. Ndinati zikuoneka kuti ndi kukula kwa ukalamba, koma khansa sitingaikaniretu mpaka atayezedwa bwino. Bambo anu ankagwedeza mutu pa mfundo iliyonse, ndipo Loweruka ananyamuka kupita kumudzi.

Apa ndi pamene mwambo wathu unachita ntchito yake. Bambo anu atafika, lilime linawalemera. Mwana angauze bwanji bambo ake za chala? Anakauza azakhali anu a Felesiya, amene ankasamalira agogo anu chimwalirireni agogo anu aakazi, koma za chalazo anazidumpha, poti mlongo wakonso sungamuuze zoterozo. A Felesiya nawo sakanatha kutchula paipi ndi mkodzo pamaso pa bambo awo, choncho anakauza a Yohane, mwana wa mlongo wa agogo anu, n'kusiya zimenezo panjira. Aliyense ankachotsa mawu amene pakamwa pake sipakanatha kunyamula. M'mene uthenga unkafika kwa mwini wake munali mutatsala liwu limodzi lokha limene munthu angalinene mwaulemu pamaso pa mkulu. A Yohane anavula chipewa n'kunena kuti, “Malume, apongozi anu aona khansa m'magazi.”

Agogo anu anamvetsera, n'kunena kuti ku Lilongwe sapita, chifukwa anzawo amene anapitako anabwerako m'bokosi. Sabata yomweyo anagawa makoka, boti n'kupereka kwa a Yohane monga mwana wa mlongo wawo. Sindikunena kuti a Yohane anachita dala. Ndikungonena kuti botilo analilandira ndi manja awiri.

Novembala, mvula isanagwe

Kunatentha chaka chimenecho moti phula la pamsewu wa ku Salima linkamata nsapato. Mauthenga ochokera kumudzi ankaipiraipira. Agogo anu anasiya kupita kugombe, kenako anasiya kupita kutchalitchi. Anayamba kukana madzi akumwa pofuna kuchepetsa mavuto a pokodza, ndipo zimenezo zinkangopweteketsa impso zomwe zija. A Felesiya anabweretsa mneneri wina amene anawadzoza mafuta n'kulamula khansayo kuti ituluke.

Ndinapempha a Phiri kuti tipite limodzi kumudziko akalankhule nawo mwamuna ndi mwamuna mnzake. Anavomera, koma tsiku lililonse mzere unkawatsekera pakhomo. Ndinapita kwa a Zimba kukapempha galimoto ndi tsiku limodzi la a Phiri, osati chifukwa cha apongozi anga okha, koma azibambo onse amene tinawaopseza n'kuwataya. Anandiuza kuti mafuta amene alipo ndi okalengezera m'midzi ina kuti kubwere anthu atsopano. Oyezedwa kale anali atawerengedwa, ndipo kwa a Zimba munthu wowerengedwa kale anali watha ntchito.

Ndinabwereranso kwa bambo anu.

“Bambo a Tadala, uthenga uja simunaufikitse. Bwererani mukanene zonse.”

“Amake Tadala, inu mungawauze bambo anu okuberekani zimene zija?”

“Akanakhala moyo ndikanawauza.”

“Mukunama.”

“Mwina ndikunamadi. Koma anuwo ali moyo, ndipo akufa ndi manyazi anu.”

Anatuluka panja. Ndinadziwa pamenepo kuti munthu amene akudziwa zonse ndi ine, ndipo munthu amene saloledwa kuzinena ndi ine ndemwe. Ndinadziwanso mtengo wake. Musaganize kuti ndinapita mosadziwa, kapena chifukwa cha sukulu kundizunguza mutu monga amanenera azakhali anu. Ndinakulira m'mwambo womwewo.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, kenako kabaza. Gauni langa loyera la ku labu ndinaliika m'chikwama, ndipo nditafika pa mtengo wa mango wa kumayambiriro kwa mudzi ndinalivala pamwamba pa chitenje. Ndinkaganiza kuti akaona gaunilo aona munthu wa kuchipatala. Ndinadzinamiza. Azimayi amene anakhala pakhonde, mwakachetechete ngati maliro achitika kale, anangoona mtengwa wavala zachilendo.

A Felesiya anaimirira pakhomo.

“Alamu, mukupita kuti?”

“Kwa wodwala.”

“Ali kuchipinda. Amenewo ndi apongozi anu.”

“Sindinaiwale, alamu. Ndipatseni njira.”

Sindikudziwa chimene anaona pankhope yanga, koma anapatuka. Ndinalowa m'chipinda chimene sindinapondemo chikwatiwire. Munkanunkha mkodzo ndi mafuta a mneneri. Agogo anu anali gone pamphasa, atawonda, milomo itauma, koma m'munsi mwa mimba mutafufuma ngati madala aja a pangolo. Atandiona anakoka nsalu mpaka m'khosi n'kutembenukira kukhoma. Ndinagwada pafupi ndi chitseko.

“Bambo, ndabwera ndi mawu amene ndinatuma anthu koma sanafike. Mundikhululukire, ndiwanena ndekha.”

Ndinapitiriza.

“Ine sindinanene kuti muli ndi khansa. Magazi aja sanena zimenezo, ndipo sangathe kunena. Chimene chikukupwetekani panopa ndi mkodzo umene wadzaza m'chikhodzodzo chifukwa njira yafinyika. Mukakodza umangodontha, mukamaliza mumamva kuti watsalira, ndipo usiku simugona. Mkodzowo ukuwononga impso zanu. Kuchipatala akakuikani paipi kumaliseche kuti utuluke. Adokotala aamuna akakuyezani ndi chala kumbuyo, kochitira chimbudzi, kuti amve ngati chotupa chimene chafinya njirayo ndi cha ukalamba kapena ndi china. Ine sindikakhalapo. Mukapanda kupita, chokuphani sichikhala khansa ayi, mufa ndi mkodzo wanu womwe.”

Panja panali zii, ndipo ndinadziwa kuti pakhonde ponse amva liwu lililonse, poti nyumbayo inalibe siling'i. Agogo anu analankhula, nkhope ili kukhoma komweko.

“Mwana wa eni ake, mwandivula.”

“Ndakuvulani, bambo.”

“Pamaso pa ana anga.”

“Inde, bambo.”

Anapuma mwamphamvu. “Tulukani. Mukamuuze Laimoni apeze galimoto.”

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene agogo anu analankhula kwa ine pa moyo wawo wonse.

Zimene zinatsatira

Anafika kuchipatala tsiku lomwelo. A Phiri anawaika paipi, ndipo mkodzo umene unatuluka unadabwitsa ngakhale anamwino ozolowera. Atawayeza anati chotupacho ndi chachikulu koma chosalala. Anamwa mankhwala, anayambanso kumwa madzi, ndipo magazi a impso anayamba kubwerera m'malo mwake. Itakwana nthawi yobwereza PSA, mankhwala a m'makina aja anali atatha, chifukwa tinawamalizira pa mizere ya a Zimba. Bungwe lija linali litatseka pulojekiti yake. Makinawo ndinawafunditsa nsalu, ndipo m'mene ndinkapuma pa ntchito anali akadali pakona pomwepo, anzanga akuikapo makapu a tiyi. A Zimba anakwezedwa n'kupita ku likulu chifukwa cha kuchuluka kwa azibambo amene anawafikira. Za azibambo ena aja amene anauzidwa za ku Lilongwe n'kupita kwawo kukadikira imfa, palibe anafunsapo, ndipo ine ndimawaganizirabe.

Agogo anu anapita ku Lilongwe ndi bambo anu, anadikira miyezi ali ndi paipi, kenako anawachita opaleshoni. Kanyama kamene anachotsako atakayeza anapeza kuti munalibe khansa. Kunali kukula kwa ukalamba basi. Anabwerera kumudzi akuyenda okha. Boti a Yohane sanabweze, ndipo agogo anu sanalifunse, poti mkulu sabweza mawu. Anakhala wosoka maukonde a anthu ena pagombe pomwe kale ankalamula.

Mukuganiza kuti ndinathokozedwa? Atangochira, ankhoswe anaitanitsa bwalo la pabanja. Milandu yanga inali iwiri. Woyamba, ndinanama kuti mkulu ali ndi khansa mpaka anagawa chuma chake. Wachiwiri, ndinalowa kuchipinda kwa apongozi n'kuwatchulira ziwalo zawo pamaso pa ana awo. Za kuchira kwawo a Felesiya anati ndi mafuta a mneneri amene anasungunula khansayo madokotala asanaipeze. Ndinayang'ana a Yohane, amene ananena liwu lija ndi pakamwa pawo, ndipo anali kutokosa m'mano ndi kamtengo. Ndinayang'ana bambo anu, amene ankadziwa zimene ndinawatuma, ndipo maso awo anali pa nsapato zawo. Bambo anu ndinawakhululukira zambiri mu ukwati wathu, Mulungu awalandire kumene ali, koma nsapato zimene zija sindinaziiwale.

Anagamula kuti ndipereke nkhuku yopepesera. Ndinati pa mlandu wachiwiriwo nkhuku ndipereka, chifukwa kuchipinda ndinalowadi ndipo mawuwo ndinanenadi. Koma pa woyambawo sindipereka ngakhale nthenga, ndipo amene anabweretsa liwu la khansa m'mudzi muno aimirire yekha. Palibe anaimirira. Anati ndine wamwano, ndipo nkhuku yanga anaikana.

Kuyambira pamenepo, ndikafika kumudziko agogo anu ankatenga chingwe chawo chosokera n'kupita kugombe mpaka nditachoka. Azimayi ndikawayandikira nkhani inkatha. Chambo chija sichinabwerenso. Nditaona kuti kubwera kwanga kukuthamangitsa nkhalamba panyumba pake, ndinasiya kupitako, ndipo ndi chifukwa chake munkakwera minibasi ndi bambo anu okha, ine n'kumakubayibitsani padepoti. Zinkandiwawa, ana anga. Ndinkabwerera kunyumba n'kukalira kubafa kuti wantchito asandione.

Pali chinthu chimodzi chimene mpaka lero sindidziwa pochiika. Patapita nthawi, ku labu kunayamba kubwera madala a kugombe lija, mmodzimmodzi, osafuna kuonana ndi wina aliyense koma ine. Woyamba anakhala pampando akupotokola chipewa, n'kunena kuti, “Atituma a Mwale. Akuti kuno kuli mayi wina wosabisa mawu.” Ndinamufunsa ngati a Mwalewo anamuuza kuti mayiyo ndi ndani wawo. Anati ayi, anangoti mayi wa ku labu. Ndinamufotokozera zonse, za chala ndi za paipi zomwe, n'kumuperekeza kwa adokotala. Anabwera ambiri otero pa zaka zotsatira, Akhristu ndi Asilamu omwe, onse otumidwa ndi munthu amene sankatha kundiyankha moni. Ena amati ndiye kuthokoza kwake kumeneko. Mwina. Ine ndinkafuna moni.

Agogo anu anakhala ndi moyo mpaka iwe Tadala unakwatira, ndipo iwe Mphatso anakuona utavala gauni la ku koleji. Anamwalira ndi chibayo, atakalamba kwenikweni. Pamaliro ndinakhala kumbuyo, pamodzi ndi azimayi a m'midzi ina. Wolankhula m'malo mwa banja anafotokoza za matenda aakulu aja amene Mulungu anawapulumutsako, ndipo anathokoza mneneri, anathokoza a Felesiya, anathokoza bambo anu, anathokoza ngakhale mwini galimoto imene inawanyamula. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, kenako ndinapita kukathandiza kutsuka mbale.

Tadala, tsitsi lako layamba kuchita imvi m'mbali, ndipo ulendo watha uja unagona kuno ndinaona kuti pokataya madzi umachedwako. Ndikudziwa kuti mayi sauza mwana wake wamwamuna zoterezi. Ndakuuza. Pita ukayezetse magazi, koma usakathere pa nambala. Ukalole adokotala akuyeze monse m'mene ayenera. Ukafuna kundikwiyira, kwiya, malo a anthu ondikwiyira pa nkhani imeneyi alipo ambiri. Ndipo azakhali anu akadzayambanso kunena kuti mayi anu anavula agogo anu, musadzatsutse. Mudzawauze kuti inde anawavula, ndipo agogo anakodza bwinobwino mpaka tsiku limene anamwalira.